Nyumba yakale ya njerwa ku England: lamulo likutetezapo chiyani?

Funso: Mchemwali wanga ndi amuna ake anagula nyumba yakale mumzinda wina ku England. Ndi imodzi mwa nyumba zogundizana zomwe zandandalika mumsewu umodzi, yopapatiza, yansanjika, ndipo mapepala ake akusonyeza kuti inamangidwa cha m'ma 1790. Ili m'kaundula wa nyumba zotetezedwa, m'gulu la Grade II. Iwo anafuna kuchotsa mazenera amatabwa n'kuikapo apulasitiki, kumata khoma lakumbuyo ndi simenti chifukwa likulowa chinyezi, komanso kugumula khoma lomwe lili pakati pa zipinda ziwiri kuti pakhale balaza lalikulu. Khonsolo yakana zonse zitatu. Ine nyumbayo ndaiona pazithunzi, ndi njerwa basi, yopanda chokongoletsa chilichonse. Kodi chimene akuteteza n'chiyani?

Yankho: Bambo, malinga ndi momwe mwaifotokozera, nyumba ya achemwali anu ndi ya m'nyengo imene Angerezi amaitchula kuti Georgian, kutanthauza zaka za kuyambira 1714 mpaka 1830, pamene mafumu anayi otsatizana, onse dzina lawo George, analamulira dzikolo. Zinthu zitatu zimene alamu anu akufuna kusintha, zomwe ndi mazenera, khoma lakunja ndi khoma lapakati, ndizo zagwira nyumba yamtunduwu, pa maonekedwe ake ngakhalenso pa kulimba kwake. Ndikanakhala ine pampando wa kukhonsoloko, za pulasitiki ndi za simenti ndikanakana osazengereza, pamene za khoma lapakati ndikanapempha kuti tikhale pansi kaye.

Za lamulo ndidutsapo mwachangu. Ntchito yolemba nyumba zakale m'kaundula inayamba ndi malamulo a 1944 ndi 1947, mabomba a nkhondo yachiwiri yapadziko lonse atagumula nyumba zambiri m'mizinda, ndipo lamulo lomwe likugwira ntchito ku England lero ndi la 1990. Kaundulayo amasungidwa ndi bungwe la Historic England ndipo ali ndi magulu atatu, Grade I, Grade II* ndi Grade II. Pa nyumba 100 zilizonse zolembedwa, zoposa 90 zili mu Grade II, motero ya achemwali anu ili m'gulu la zochuluka. Chimene eni nyumba ambiri amachidziwa mochedwa n'chakuti gulu lililonse limateteza nyumba yonse, kunja ndi mkati momwe, kuphatikizapo masitepe, zitseko, malo osonkhapo moto, ngakhale mpanda wachitsulo wapakhomo. Ntchito iliyonse yokhudza zimene zinachititsa kuti nyumbayo ilembedwe imafuna chilolezo chapadera cha khonsolo, ndipo kuigwira popanda chilolezocho ndi mlandu umene munthu angalipe nawo chindapusa kapena kumangidwa kumene.

Kusowa kwa zokongoletsa kumene mwaona pazithunzi kuli ndi mbiri yake, ndipo mbiriyo ikuyambira pa moto. Mu September 1666 moto unapsereza nyumba zoposa 13,000 mumzinda wa London, zambiri mwa izo zamatabwa, zokhala ndi nsanjika zam'mwamba zotulukira mumsewu. Chaka chotsatira lamulo linanena kuti nyumba zatsopano zizimangidwa ndi njerwa kapena miyala. Mu 1707 analetsa matabwa okongoletsa amene ankakhomedwa m'munsi mwa denga, nalamula kuti khoma lakutsogolo lizipitirira m'mwamba mpaka kubisa m'mphepete mwa dengalo. Mu 1709 analamula kuti mafelemu a mazenera azilowa mkati mwa khoma ndi mainchesi anayi, omwe ndi pafupifupi masentimita 10, ndipo lamulo lalikulu la 1774 linawonjezera kuti bokosi lathabwa la m'mbali mwa zenera lizibisika kuseri kwa njerwa. Lamulo lililonse linkachotsa thabwa lina kumaso kwa nyumba, kufikira panatsala njerwa, galasi ndi mwala pang'ono. Malamulowa anali a London, koma amisiri ndi mabuku awo a mapulani anafalitsa kamangidweka m'mizinda ina, kwina mofulumira, kwina patapita zaka makumi angapo. N'chifukwa chake munthu wodziwa akhoza kuima mumsewu n'kuyerekeza msinkhu wa nyumba pongoyang'ana zenera. Felemu lalikulu lofika kunja, lolingana ndi njerwa, limasonyeza nyumba ya kuchiyambi kwa nyengoyo, pamene felemu lolowa mkati, looneka ngati kamzere kopyapyala, limasonyeza ya kumapeto kwa zaka za m'ma 1700, monga ya achemwali anu.

Kupapatiza kwake kunabwera ndi ndalama. Malo ambiri a m'mizinda anali a mabanja olemera amene sankagulitsa nthaka koma kuibwereketsa kwa omanga kwa zaka zowerengeka, kawirikawiri 99, ndipo zakazo zikatha nyumba zonse zinkabwerera kwa mwini malo. Womanga ankafuna makomo ambiri mumsewu umodzi, motero ankadula mapuloti opapatiza koma ataliatali kulowera kumbuyo, nyumba wamba n'kukhala ya mamita asanu kapena asanu ndi limodzi m'lifupi, yogawana makoma am'mbali ndi zinzake. Popeza m'mbali munalibe kopita, nyumba inakwera m'mwamba ndi kutsikira pansi. Mwini malo ankasamala za maonekedwe a msewu, za kuseri analibe nazo ntchito kwenikweni. Royal Crescent mumzinda wa Bath ikuonetsa izi bwino kwambiri. Ndi nyumba 30 zimene John Wood wamng'ono anajambula, zomangidwa kuyambira 1767, ndipo kutsogolo zonse zimaoneka ngati nyumba imodzi yachifumu yokhala ndi mizati 114, koma mukazungulira kuseri mupeza madenga osiyana msinkhu ndi mazenera oikidwa paliponse, chifukwa aliyense wogula gawo lake ankamanga kumbuyo momwe wafunira. Ndipo tisawapembedze omanga a nthawiyo. Ambiri anali anthu amalonda ofuna kumanga msanga n'kugulitsa, ndipo ankadziwa kuti pakatha zaka 99 nyumbayo idzakhala ya wina, choncho njerwa zabwino ankaziika kunja, zosapsa bwino n'kuzibisa mkati mwa khoma. Nyumba zimenezi zaima zaka zoposa 200 osati chifukwa chokhala zamphamvu ngati thanthwe, koma chifukwa zinthu zonse zomangira zinali zofewa mogwirizana, zotha kusuntha pang'ono limodzi popanda kuthyoka. Mfundo imeneyi ndiyo gwero la yankho langa lonse.

Kukongola kwa nyumba yotere kuli m'miyeso. Amisiri a nthawiyo ankatsatira maganizo a Andrea Palladio, mmisiri wa ku Italy wa m'zaka za m'ma 1500, amene anatenga miyeso yake ku nyumba zakale za Aroma. Kumaso kwa nyumba ankakulingalira ngati kachisi wa mizati ngakhale pamene palibe mzati ndi umodzi womwe. Nsanjika ya pakhomo ndi tsinde, nsanjika ziwiri zotsatira zikuimira kutalika kwa mzati, ndipo yam'mwamba kwambiri ndi kachisoti chabe. Tengani chithunzi chimodzi mwa zimene muli nazo, muyeze mazenera ndi chala. Mupeza kuti m'lifupi ndi ofanana kuyambira pansi mpaka pamwamba ndipo aima mzere umodzi, koma m'litali akusiyana. Ataliatali kwambiri ali pa nsanjika yoyamba pamwamba pa khomo, otsatira ake ndi afupiko, ndipo am'mwamba kwenikweni atsala pang'ono kufanana mbali zonse zinayi. Pamalo pamodzi pokha pamene mwini nyumba ankadzionetsera ndi pakhomo, pomwe pamwamba pa chitseko pamakhala kazenera kooneka ngati theka la dzuwa lotuluka, kamene ntchito yake yeniyeni ndi kulowetsa kuwala mumpita wopanda zenera lina. Pakhoma losalala chotero, zenera ndilo chokongoletsa chokhacho, ndipo mukalisintha mwasintha nyumba yonse, pamodzi ndi maonekedwe a zinzake zoyandikana nazo zimene zinajambulidwa kuti zizionedwa ngati chinthu chimodzi.

Tiliyang'ane pafupi zeneralo. Kumeneko amalitchula kuti sash, ndipo silitsegukira kunja kapena mkati ngati chitseko koma limatsetsereka m'mwamba ndi pansi. Lili ndi mafelemu awiri, lakumwamba ndi lakumunsi, lililonse lokhala ndi timagalasi tisanu ndi kamodzi togawidwa ndi timitengo topyapyala, timene pofika m'ma 1790 tinali tosaposa chala cha munthu. M'mbali mwa zenera muli bokosi lobisika, momwe mukulendewera zitsulo zolemera, zina zamtovu, zomangidwa ku chingwe chodutsa pa kawilo. Kulemera kwa zitsulozo n'kofanana ndi kwa felemu, kotero kuti zenera lalitali kuposa munthu limakwera ndi dzanja limodzi n'kuima paliponse pamene mwalisiya. Mukatsitsa lakumwamba pang'ono n'kukweza lakumunsi pang'ono, mpweya wotentha umatulukira pamwamba ndipo wozizira umalowera pansi. Magalasi anali aang'ono chifukwa cha kapangidwe kake. Mmisiri ankauzira galasi losungunuka n'kulizunguza mpaka liphwatalale ngati mbale yaikulu, kenako n'kudulamo tizidutswa. Galasi lotero silisalala kwenikweni, lili ndi timafunde tosaoneka msanga, ndipo ndilo limachititsa kuti kuwala kwa dzuwa kuvine pamazenera a nyumba zakale pamene pa atsopano kumangoima. Likasweka, lofanana nalo ndi losowa.

Thabwa lakelo nalo si wamba. Zambiri zinali za paini wochokera kumaiko a m'mbali mwa nyanja ya Baltic, mitengo yokula pang'onopang'ono m'chisanu, ya mizere yothinana, yolimba kuposa paini wa m'minda yamakono. Pa mazenera akale amene ndawaonapo, kuwola kumakhala pafupifupi nthawi zonse pa malo awiri okha, thabwa lapansi pomwe mvula imaima ndi kumunsi kwa felemu lakumunsi. Kalipentala wodziwa amadula powola pokhapo n'kulumikizapo thabwa latsopano, amasintha chingwe, amapala penti yakale yomwe yakhala ikumata zeneralo, ndipo ntchito yatha. Zenera lapulasitiki silitha kukhala ndi timitengo topyapyala chotero, felemu lake limanenepa n'kudya malo a galasi, ndipo likawonongeka silikonzeka, limangochotsedwa lonse. Dandaulo la alamu anu ndikulimvetsa, chifukwa mphepo yolowera pazenera m'mwezi wa January ku England si nkhani yamasewera. Koma kuzizira kwambiri kumalowera m'mipata ya m'mbali osati m'galasi, ndipo mipatayo imatsekeka ndi timaburashi tobisika m'felemu. Nyumba zambiri za nyengoyi zilinso ndi zitseko zamatabwa zopindika, zobisika m'mbali mwa zenera cha mkati, zimene nthawi zina eni ake sadziwa n'komwe kuti zilipo chifukwa zinakhomedwa misomali n'kupakidwa penti kalekale. Pamwamba pa izi akhoza kuika galasi lachiwiri mkati mwa chipinda, losakhudza zenera lakale, ndipo khonsolo zambiri zimalivomereza. Pali chinthu chimodzi choyenera kuchifufuza, ndicho ngati mazenera alipowo ndi oyambiriradi. Akapezeka kuti anaikidwa posachedwa ndipo alibe mbiri, nkhani imasintha, ndipo ena amaloledwa kuika amatabwa atsopano a magalasi awiri opyapyala.

Za simenti ndikhalitsapo pang'ono, chifukwa apa ndi pamene nyumba zakale zambiri zimaphedwa ndi anthu ofuna kuzithandiza. Khoma la nyumba yamakono ku England limakhala la mizere iwiri yokhala ndi mpata pakati, ndipo pansi pake pamayalidwa chinthu choletsa chinyezi kukwera, cholinga chake n'chakuti madzi asalowe n'komwe. Khoma la mu 1790 ndi lanjerwa zokhazokha kuyambira kunja mpaka mkati, lonenepa kumunsi ndi lopyapyala kumwamba, mwina njerwa imodzi yokha m'litali mwake, yomwe ndi pafupifupi masentimita 23. Linamangidwa ndi matope a laimu ndi mchenga, pakuti simenti imene tikuidziwa leroyi, ya Portland, inalembetsedwa ndi mmisiri womanga wa ku England, Joseph Aspdin, mu 1824, ndipo inatenga zaka zambiri kuti ifale. Khoma lalaimu limamwa mvula n'kuitulutsanso mphepo ikawomba, monga momwe mtsuko wadothi umachitira thukuta. Laimuyo ndi wofewa kuposa njerwa, motero madzi ndi mchere wa m'khoma zimatulukira m'mizere ya pakati pa njerwa, ndipo chimene chimadyeka pakapita zaka ndi laimu, amene ndi wosavuta kubwezeretsa, njerwa n'kutsala yathunthu. Komanso maziko a nyumbazi ndi osazama, nthawi zina mizere yochepa chabe ya njerwa yotambasuka pansi, choncho nyumba imasuntha pang'ono nthaka ikauma kapena kunyowa, ndipo laimu amalola kusunthako.

Mukamata simenti pakhoma lotero mwaveka chinthu chosuntha chovala chosapindika. Simentiyo imachita timing'alu tating'ono, mvula imalowera m'timing'aluto, koma potulukira palibe. Madzi amakhala m'njerwa, ndipo chisanu chikafika amaundana n'kufufuma ndi pafupifupi magawo 9 pa 100, n'kumaphwanya njerwayo cha mkati. Otsala amalowera kumene kuli kofewa, komwe ndi m'chipinda. Tsiku lina ndinaitanidwa kukaona nyumba yamtundu womwewu, imene khoma lake lakumbuyo linali litamatidwa simenti zaka pafupifupi makumi atatu m'mbuyomo. Kunja linkaoneka losalala bwinobwino, koma nditagogoda ndi mpini wa hamala linkalira ngati ng'oma. Titasenda chigamba chimodzi, simenti inachoka pamodzi ndi khungu la njerwa, ndipo zotsalazo zinali zonyowa, zoti munthu n'kuzikanda ndi chikhadabo. Pamwamba pa zenera panali mtanda wathabwa wonyamula njerwa cha mkati, ndipo nditaubaya ndi sikuludiraiva inalowa mpaka kumpini popanda kukankha. Amisiri a nyengo imeneyo ankaika matabwa mkati mwenimweni mwa makoma, ena onyamula pamwamba pa mazenera, ena ogona m'litali mwa khoma, ndiponso nsonga za mitanda ya pansi pa zipinda zimalowa m'khoma lomwelo. Khoma likakhala lonyowa chaka chonse, matabwa onsewo amawola mobisika. Mwini nyumbayo anali atalipira kawiri anthu omubayira mankhwala oletsa chinyezi m'munsi mwa khoma, pamene vuto linali pamwamba.

Ndanena kuti pamwamba, chifukwa chinyezi cha m'nyumba zimenezi kawirikawiri chimachokera kudenga. Kumbukirani lamulo lija lobisa denga kuseri kwa khoma. Zotsatira zake n'zakuti nyumba zambiri zili ndi denga lopendekera mkati, mbali ziwiri zikukumana pangalande yapakati yoyalidwa mtovu, kapena ngalande yobisika kuseri kwa khoma lakutsogolo. Munthu ali pansi saona kalikonse. Masamba, chisa cha nkhunda kapena mwala umodzi wofolera wotsetsereka n'zokwanira kutseka ngalandeyo, madzi n'kuyamba kusefukira m'khoma. Mapaipi akale achitsulo otsitsa madzi amang'ambika cha kumbuyo, mbali yoyang'ana khoma, kumene penti safika ndipo diso siliona. Palinso nthaka ya kuseri kwa nyumba imene mibadwo ya eni ake yakhala ikuikweza ndi konkire mpaka kupitirira pansi pa chipinda, ndi machumuni amene anatsekedwa kotheratu moto wamalasha utasiyidwa, pamene kale ankakoka mpweya wonyowa usana ndi usiku. Khonsolo pokana simenti sikuti ikufuna achemwali anu azikhala m'nyumba yachuku. Khoma lakumbuyolo likhoza kukonzedwa mizere yake ndi laimu, ndipo ngati linali lomata kuyambira kale, likhoza kumatidwanso ndi pulasitala walaimu.

Tsopano tilowe mkati. Pulani ya nyumba yotere ndi imodzimodzi pafupifupi paliponse, zipinda ziwiri pa nsanjika iliyonse, china choyang'ana kumsewu, china kumbuyo, ndipo mpita ndi masitepe zili mbali imodzi. Pansi penipeni, m'munsi mwa msewu, munali khitchini ndi mogwirira ntchito antchito. Kutsogolo kwake kuli kabwalo kakang'ono kokumba, kotchingidwa ndi mpanda wachitsulo, kokhala ndi masitepe akeake kuti wantchito ndi wobweretsa katundu asadzere khomo la bwana. Pansi pa njira ya oyenda pansi pali chipinda chosungira malasha, ndipo kachitsulo kozungulira kamene mungakaone panjirapo ndi pomwe ankakhuthulirapo malashawo. Pa nsanjika ya pakhomo panali chipinda chodyera ndi china cha bambo wa m'nyumba. Pamwamba pake, paja pali mazenera ataliatali, ndiye panali balaza lolandirira alendo, lotalikirana ndi phokoso ndi fungo la mumsewu wa akavalo. Kenako zipinda zogona, ndipo pansi pa denga penipeni ana ndi antchito. Kusiyana kwa anthu kumeneku kunalembedwa m'nyumbamo ndi pulasitala ndi thabwa. Mukamakwera masitepe mudzaona kuti siling'i ikutsika, mizere yokongoletsa m'mphepete mwake ikuchepa mpaka kutha, timizati ta m'mbali mwa masitepe tikusanduka timitengo wamba, ndipo zitseko za mapanelo asanu ndi limodzi zikusanduka za anayi kapena awiri. Munthu akhoza kudana nawo moyo umene nyumbayi ikuonetsa, wa mtsikana wantchito wonyamula ndowa ya malasha kuchokera pansi mpaka pamwamba, koma umboni wake ndi umenewu, ndipo kagawidwe ka zipinda ndi gawo limodzi mwa zimene akhonsolo amaliyang'anitsitsa.

Khoma limene alamu anu akufuna kugumula lili pakatikati pa zonsezi, ndipo limanyenga. Mukaligogoda limamveka lopanda kanthu, chifukwa nthawi zambiri si lanjerwa koma la mitengo yoimika, yokhomedwa timatabwa topyapyala n'kumatidwa pulasitala. Womanga wozolowera nyumba zamakono akamva kulira kumeneko amati khomali silinyamula kanthu. Koma m'nyumba zambiri zotere mitanda ya pansi pa zipinda zam'mwamba imachokera kukhoma lakutsogolo kupita kulakumbuyo, n'kupumira pakhoma lapakatili, ndipo khoma lomwelo limapitirira nsanjika ndi nsanjika mpaka kukalandira denga. Ndi msana wa nyumba. Mainjiniya angathe kuikapo mtanda wachitsulo, zimenezo n'zotheka, koma katundu amene anali womwazika m'litali monse mwa khoma amasonkhana pa malo awiri okha, ndipo amodzi mwa malowo ndi khoma logawana ndi anansi, lanjerwa zija zosapsa bwino, loima pa maziko osazama. N'chifukwa chake ku England kuli lamulo lina, la 1996, lokakamiza munthu kudziwitsa anansi ake asanagwire ntchito yotere pakhoma logawana. Chimatayikanso ndi mawonekedwe a zipinda ziwirizo. Chilichonse chinali ndi malo ake osonkhapo moto pakati pa khoma ndi mzere wake wokongoletsa wozungulira siling'i, ndipo mukaziphatikiza mumapeza chipinda chachitali ngati mpita, cha machumuni awiri ndi mizere yoduka panjira.

Komabe ndinati apa ndikanakhala pansi. Eni nyumba akale nawonso ankafuna malo aakulu akakhala ndi alendo, ndipo nyumba zambiri, makamaka kuyambira kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1800, zinali ndi khomo lalikulu la zitseko ziwiri kapena zopindika pakati pa chipinda chakutsogolo ndi chakumbuyo. Khomo lotero limasiya khoma m'mbali ndi pamwamba, mizere ya siling'i imakhala yosakhudzidwa, zipinda zimaonekabe kuti ndi ziwiri, koma zitseko zikatsegulidwa kuwala kumadutsa kuchokera kumsewu mpaka kumbuyo. Pempho lotsegula khomo lotero limamveka mosiyana kwambiri ndi pempho logumula khoma lonse, ndipo nthawi zina pansi pa pulasitala pamapezeka zizindikiro zoti khomolo linalipo kale, wina anachita kulitseka.

Mwina mungafunse chifukwa chake boma likulimbikira chotere pa nyumba imene zinzake zilipo zikwi zambiri. Yankho lake lili m'zimene zinachitika pakati pa zaka za m'ma 1900, pamene nyumba zimenezi zinkaonedwa ngati zachikale ndi zosasangalatsa. Ku Dublin, m'dziko la Ireland, nyumba 16 za mumsewu wa Fitzwilliam zinagumulidwa mu 1965 kuti pamangidwe maofesi, n'kudula mzere umene unali umodzi mwa italiitali kwambiri ya nyumba zamtunduwu. Ku Spitalfields, mu London, kumene kuli nyumba za m'ma 1720 za amalonda ndi owomba nsalu za silika, mu 1977 anthu ena anachita kukakhala m'nyumba zofuna kugumulidwa mumsewu wa Elder kuti zipulumuke. Zina zambiri zinatsala khoma lakutsogolo lokha, kumbuyo kwake kuli nyumba yatsopano yakonkire. Koma zochuluka sizinawonongeke ndi makina ogumulira. Zinatha pang'onopang'ono, mwini wina atachotsa zenera, wotsatira atachotsa chitseko, wachitatu khoma, aliyense ali ndi chifukwa chomveka. Nyumba ya m'ma 1790 imene idakali ndi mazenera ake, masitepe ake ndi zipinda zake si yochuluka monga momwe misewu ikuonetsera.

Sindikunena kuti akhonsolo salakwa. Alipo ena amene amakana kanthu kalikonse chifukwa kukana n'kosavuta kuposa kuganiza, ndipo khonsolo ziwiri zoyandikana zimatha kuyankha mosiyana pa pempho lofanana. Ntchito yalaimu ndi yamatabwa imafunanso amisiri osowa, ndipo imachedwa, pakuti laimu amauma pang'onopang'ono ndipo sagwiridwa m'nyengo ya chisanu. Maganizo amene akutsogolera ntchitoyi, amene mmisiri wa zaluso ndi mlembi William Morris ndi anzake anawalimbikitsa pokhazikitsa bungwe loteteza nyumba zakale mu 1877, ndi akuti chakale chizikonzedwa pamene chawonongeka m'malo mochichotsa n'kuikapo chofanizira. Maganizowa saletsa bafa, magetsi kapena khitchini yamakono. Amangofuna kuti zatsopanozo ziikidwe pamene sizidya zakale, ndipo paja tinaona kuti kuseri kwa nyumbazi kunali kwaufulu kuyambira pachiyambi. Ngati kumbuyo kuli kachipinda kowonjezera ka zaka zaposachedwa, kumeneko ndiye kumene balaza lalikulu lowala limene achemwali anu akulifuna lingathe kupezeka mosavuta.

Alamu anu ali ndi ufulu wochita apilo ku Planning Inspectorate, bungwe la boma lomva madandaulo otere, pasanathe miyezi isanu ndi umodzi chikanidwireni, koma pa mazenera apulasitiki ndi simenti ndingawauze kuti asataye nthawi yawo. Chanzeru n'kupeza mmisiri wojambula mapulani kapena woyeza nyumba amene anazolowera nyumba zotetezedwa, ayende nawo chipinda ndi chipinda kusiyanitsa za mu 1790 ndi zobwera pambuyo, alembe chikalata chofotokoza kufunika kwa gawo lililonse, kenako akakambirane ndi mkulu woona za nyumba zakale kukhonsoloko asanapereke pempho latsopano. Koma zonsezi zisanachitike, pa tsiku loyamba la mvula yamphamvu, wina avale jekete atuluke kuseri kwa nyumba, aime mphindi khumi akuyang'ana paipi yotsitsa madzi ndi khoma lozungulira paipiyo, ndipo mvula ikakata atumize munthu wodziwa za madenga akaone zimene zili m'ngalande ya pamwamba.